A Njuchi ndi Mungu Wopanda Dzina

Kusukulu aphunzitsi akatifunsa ntchito za makolo athu, anzanga ankayankha monyadira. Wina kalipentala, wina namwino, wina dalaivala wa basi. Ine ndinkati, "Bambo anga amawerenga fumbi." Kalasi yonse inkafa nalo phwete, ndipo aphunzitsi ankandiuza kuti ndikafunsenso bwino kunyumba. Ndinkapsa mtima chifukwa sindinkanama.

Bambo ankagwira ntchito pa labotale ya yunivesite, m'chipinda chapansi cha zenera limodzi lomwe silinkaloledwa kutsegulidwa. Sukulu sanapite nayo patali. Analowa pamalopo ngati wotsuka mabotolo. Tsiku lina mayi wamkulu wa kafukufuku, yemwe onse ankangomutcha Pulofesa, anawapeza atasuzumira m'maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, mabotolo ali mbwee m'sinki. M'malo mowakalipira anawafunsa zomwe akuona. Bambo anatenga pensulo n'kujambula. Kuyambira tsiku limenelo mabotolo ankatsuka ndi ena.

Fumbi lomwe ndinkanenalo ndi mungu, kaufa kachikasu ka m'maluwa kamene kamamatirira ku miyendo ya njuchi. Ndi maso mungu wonse umaoneka umodzi, koma ukaukulitsa, chomera chilichonse chili ndi kanjere kakekake. Ka udzu n'kosalala, kabowo kamodzi basi. Ka paini kali ndi timatumba tiwiri m'mbali ngati makutu. Tina tili ndi minga. Tinjereti tikagwera m'dambo timakwiririka m'matope ndipo sitiola, kaya papite zaka masauzande angati. Chaka ndi chaka matope atsopano amakwirira akale. Ndiye anzawo a bambo ankapita kumadambo, n'kukhomerera mapaipi aatali pansi, n'kuzula matopewo osawasokoneza: apamwamba ndi adzulodzuloli, apansi ndi amakedzana.

Matopewo akafika, bambo ankatapa pang'ono pa msinkhu uliwonse, n'kuwiritsa m'maasidi mpaka dothi litasungunuka, kutsala mungu wokha. Dontho pa kagalasi, diso pa makina, n'kuyamba kuwerenga. Kagalasi kalikonse tinjere mazana atatu, osaperewera ngakhale kamodzi. Udzu ukachuluka ndiye kuti nthawi imeneyo kunali kouma. Mitengo ya m'nkhalango zonyowa ikachuluka ndiye kuti mvula inkagwa yambiri. Timakala tikayamba kuoneka, ndiye kuti moto unali utafika. M'chipinda choyandikana ena ankawerenga tizigoba ta tizomera ta m'madzi kuti adziwe ngati madziwo anali amchere, ena ankang'amba miyala yodindika masamba. Bambo anali a mungu basi, zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Kuti kanjere ka m'matope ukatchule dzina, uyenera kukafananiza ndi mungu wa duwa lamoyo lomwe ukulidziwa. N'chifukwa chake m'thumba la shati la bambo simunkasowa timaenivelopu. Kulikonse komwe tinkapita, iwo ankatsalira m'mbuyo atawerama pa duwa. Pamalo okwerera basi, kuseri kwa chipatala, pa mpanda wa eni ake galu akuuwa. Anthu anawapatsa dzina loti a Njuchi, ndipo dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso chokha.

Tsiku la ukwati wanga, wojambula atatiimika bwinobwino, ndinaona kuti maluwa omwe ndinanyamula aduka mitu iwiri. Sindinachite kufunsa. Amayi anawakokera pambali.

"Bambo ake ana, lero lokha chonde, simungapume?"

"Duwa ili sindinalionepo, mayi. Akuti n'lochokera kunja."

"Ngati n'lakunja, ndiye m'dambo lanulo linakafikamo bwanji makedzanawo? Pandege?"

Bambo anaganiza pang'ono, n'kunena kuti amayi anena zanzeru. Koma enivelopu sanaitulutse m'thumba.

Chomwe ankasaka ndi maluwa onsewa chinali chimodzi. Pa ntchito yawo, kanjere kosadziwika sakapatsa dzina mongoganiza. Amakajambula m'buku n'kukapatsa nambala. M'buku la bambo munali manambala oposa makumi anayi, ndipo m'kupita kwa zaka onse anapeza mayina, kupatula nambala 17. Kunyumba tinkangoti Seventini, ngati ndi munthu wa pakhomo pomwepo.

Seventini sanali wamba. M'matope apansi a dambo lina, a zaka pafupifupi masauzande asanu ndi limodzi zapitazo, pa tinjere tisanu tilitonse kamodzi kankakhala iyeyo. Ukamakwera m'mwamba ankachepa, timakala tikuchuluka, mpaka anazimiririka. Akuluakulu ophunzira ankatsutsana ngati nyengo imeneyo inali yamvula kapena yachilala, ndipo kukanadziwika kuti Seventini ndi chomera chanji, mkanganowo ukanatha. Iwo analemba m'mabuku awo kuti "mtundu wosadziwika" n'kupitirira ndi zina. Bambo sanapitirire.

"Chomera chinadzaza chigwa chonse," ankatero. "Nyama zinkadya, mwina anthu ankausa pa mthunzi wake. Lero chizingotchedwa nambala ngati mkaidi?"

Seventiniyo amayi ankamutcha mkazi mnzawo. Bambo akafika mochedwa kuchokera kuntchito, ankawalandira chikwama n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Kaya waswera bwanji mkazi mnzangayo?" Iwo ankaseka. Ine sindinkaseka. Ndinkadana naye Seventini monga momwe mwana amadanira ndi chilichonse chomulanda bambo ake. Tsiku lomwe ndinalandira satifiketi ya zosokasoka, bambo anafika mwambo utatha, thalauza lili ndi zisoso mpaka m'mawondo, chifukwa wina anawauza kuti kuseri kwa njanji kwachita maluwa chitsamba chachilendo. Ndinakhala mwezi wathunthu ndikungowayankha "inde" ndi "ayi".

Matenda a shuga ndi amene anawachotsa pa makina. Maso anayamba kuchita chifunga, kenako pakati penipeni pa chilichonse chomwe ayang'ana panayamba kuda. Anapuma pa ntchito. Anzawo anawapatsa maikulosikopu yakale, ya kagalasi kokolera kuwala kwa dzuwa, pamodzi ndi kagalasi kamodzi ka matope a dambo lija, pomwe bambo anazunguliza Seventini ndi inki zaka zambiri m'mbuyomo. Mphatsoyo inandikwiyitsa. Munthu wosaona ukumupatsa makina oonera? Patapita zaka ziwiri amayi anatisiya, ndipo ndinawatenga bambo kudzakhala nawo m'chipinda cha kuseri kwa shopu yanga yosokera.

Anakhala phee milungu itatu yokha. M'mawa wina ndinawapeza atakokera tebulo pakhomo pomwe dzuwa limafika, makina ali pamwamba, akupapasa tizitsulo take.

"Tabwera udzandibwereke maso."

"Bambo, ndili ndi madiresi asanu ndi awiri a aperekezi. Ukwati ndi Loweruka."

"Iwe umalowetsa ulusi pa singano uku ukukangana ndi kasitomala. Maso ngati amenewo azingothera pa madiresi?"

Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinawaona atakhala pa mpando uja, manja ali pa makina, akuyang'ana khoma lomwe sankaliona, ndipo ndinavula tepi m'khosi n'kukhala pansi.

Masiku oyamba ndinkangoona nsidze zanga. Kenako ndinaona chinthu chobulungira, chokongola, cha mkombero wakuda, ndipo ndinalengeza kuti ndapeza mungu. Bambo anandifunsa mafunso awiri n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Linali thovu la mpweya.

"Aliyense amayamba ndi thovu," anatero akupukuta misozi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga. Tembenuza kachitsuloko pang'onopang'ono, ngati ukuopa kukadzutsa."

Sabata yachiwiri ndinamupeza Seventini pakati pa inki ija. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Anali wobulungira motalikirako, ndipo tingalande titatu tinkatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi ngati misoko ya chipewa. Khungu lake linali lolukana ngati neti ya udzudzu, maso ake aakulu pamimba, ang'onoang'ono kunsonga. Pakati pa kangalande kalikonse panali kabowo, ndipo m'mphepete mwa kabowoko munali mokhuthala.

"Ukuona chiyani?"

"Mabowowa ndi osokerera, bambo. Ngati bowo la batani la jekete, lomwe telala wake sanali pa changu."

Bambo anamenya tebulo ndi chikhatho. "Zaka zonsezi ndinkasowa mawu amenewo. Bowo la batani."

Ndivomere, chidani changa chinathera pamenepo. Munthu amene amasoka amadziwa ntchito yabwino akaiona. Kanthu kameneka kanagona m'matope kuyambira kale anthu asanadziwe singano yachitsulo, koma msoko uliwonse unali m'malo mwake. Ndinamvetsa chifukwa chake bambo ankabwera ndi zisoso. Sindinawauze, poopa kuti angatukumuke.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse, ndisanatsegule shopu, tinkayesa duwa limodzi. Maasidi kunyumba kunalibe, ndiye tinkachita njira yachidule: kufinya mungu pa kagalasi, kutsuka ndi spiriti, kudonthezera utoto wofiira. Mafunso a bambo sankasintha. Tingalande tingati? Khungu lake lotani? Mabowo? Ndikayankha, iwo ankati, "Ayi. Lemba." Ndinkalemba m'buku dzina la duwa ngati likudziwika, komwe lathyoledwa, tsiku, ndi mawu oti si ameneyu. Makasitomala atazolowera anayamba kubwera ndi maluwa pamodzi ndi nsalu. Mayi wina anabweretsa duwa lapulasitiki, akuti amafuna aone ngati a Njuchi angazindikire. Analinunkhiza n'kumuuza kuti ili lokha ndi lomwe silidzamukhumudwitsa.

Pa zaka ziwiri tinalemba ma ayi mazana anayi ndi khumi ndi awiri. Ine ankandilemera, koma bambo ankati ayi nayenso ndi ntchito, chifukwa wobwera pambuyo sadzavutikanso ndi duwa limenelo.

Kenako impso za bambo zinayamba kufooka. Miyendo inatupa, chakudya chinayamba kubwerera m'mbale momwe chapitira. Dokotala anatiitanira pakhonde ine ndi mlongo wanga wamkulu, yemwe ndi mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina, n'kutiuza kuti tisamawerengere zaka, tiziwerengera miyezi, mwinanso milungu. Bambo sitinawauze, koma munthu amene wakhala moyo wake wonse akuwerenga tinthu tating'ono sumubisira. Anasiya kunena za maluwa a chaka chamawa.

Loweruka lina m'mawa, mlongo wanga atabwera kudzawaona, kunafika dalaivala wa ku labotale, mnzawo wakale wa bambo yemwe ankawatengera kumadambo. Ananyamula nthambi yokulunga m'nyuzipepala yonyowa. Anati anaperekeza ofufuza kuseri kwa mapiri komwe akulambula msewu watsopano, ndipo m'chigwembe china chonyowa anaona timitengo tingapo tomwe ngakhale anthu a kumeneko sankadziwa dzina lake. Timitengoto tinali titachita maluwa.

"Ndinati a Njuchi akandimva kuti ndinadutsa osathyola, andilanda laisensi," anatero dalaivala uja. Anamwa madzi n'kupita, chifukwa galimoto inali ya kuntchito.

Bambo anapapasa masamba, n'kununkhiza. Timaluwato tinali tating'ono, tobiriwira, tolendewera m'timagulu, ndipo atatigwedeza, mungu unawayera pa chikhatho. Kwa zaka zambiri ankanena kuti Seventini ayenera kukhala wa chomera cha timaluwa tonyozeka koma tochuluka mungu, chomwe chinathawa moto n'kukabisala m'malo onyowa.

"Dzuwa lilipo?" anafunsa.

"Lilipo, bambo."

Ndinakonza kagalasi n'kusuzumira. Tingalande titatu. Khungu la neti, maso aakulu pamimba, ang'onoang'ono kunsonga. Ndinatembenuza kachitsulo pang'onopang'ono kufuna mabowo. Analipo, koma m'mphepete mwake munali mopyapyala, ngati bowo lomwe wangolidula ndi lezala osalisokerera. Ndinasuntha kagalasi, n'kuyang'ana kanjere kena, kenanso, mpaka makumi atatu. Ndinaikapo kagalasi ka inki kaja, n'kubwezeranso katsopano. Panalibe kosokerera ngakhale kamodzi.

"Bwanji uli chete?"

"Kwabwera mtambo, bambo. Tadikirani pang'ono."

Kunja kunalibe mtambo. Ndinalowa m'shopu n'kuima pakati pa nsalu. Mlongo wanga ananditsatira n'kutseka chitseko.

"Si ameneyo eti?"

"Watsala pang'ono, achimwene. Chilichonse chikufanana, kupatula mabowo."

"Mabowo." Anapukusa mutu. "Mlongo, madala aja masiku awo atha. Wamva wekha zomwe ananena dokotala. Ukangoti ndi yemweyo, walakwira ndani? Kafumbiko kakakusumira?"

"Iwo sananamepo pa ntchito imeneyi."

"Ndiye akunama ndi iwo? Ukunama ndiwe, ndipo n'chifundo chimenecho. Zaka makumi atatu munthu akusaka kanthu kamodzi, apite chimanjamanja chifukwa cha bowo lomwe palibe wina angalione?"

Ndinafuna kumufunsa ngati ana a kusukulu kwake amawaphunzitsa zomwezo, koma zomwe ankanenazo ndi zomwe mtima wanga unkafuna kumva. Ndinabwerera, n'kukhala pa makina, n'kusuzumira ngati ndikuyang'anadi.

"Tingalande tingati?"

"Titatu."

"Khungu?"

"Neti. Maso aakulu pamimba."

Anapuma mozama. "Mabowo?"

"Osokerera, bambo. Ndi yemweyo."

Sanafuule. Anangokhala, manja ali pa mawondo, misozi ikutsika m'maso osaona aja. Kenako anaseka pang'ono n'kunena kuti amayi akanakhalapo akanati tsopano mkazi mnzawo kwawo kwadziwika, abwerere. Anapempha tiyi, anamwa makapu awiri. Masana anamaliza chakudya chonse koyamba m'mwezi umenewo. Mlongo wanga pochoka ananditsinzinira diso, ndipo ndinamva ngati ndimuponyere sizasi.

Lamulungu lonse bambo anali munthu wina. Anameta ndevu okha, anadzicheka pawiri, osadandaula. Anakhala pakhomo akufotokozera aliyense wodutsa kuti chigwa chija kale chinali chonyowa, kuti kamtengo ka m'chigwembe kanali ponseponse moto usanabwere. Wogulitsa nthochi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwayamikira ngati apambana mpikisano. Ine ndinasoka kolala ya shati chagada, ndinaphwasula, ndinaisokanso chagada. Ndinkadziuza kuti taona mmene akusangalalira, ndipo zinali zoona, ankasangalala. Koma nthawi iliyonse akanditchula kuti "maso anga", ndinkathawira m'shopu.

Lolemba m'mawa ndinawapeza atavala shati yoyera, atamanga mabatani mpaka m'khosi.

"Tenga pepala labwino ndi cholembera. Tilembere ku labotale. Zinthu zotere sizisungidwa pakhomo, ziyenera kulowa m'buku."

Apa ndiye ndinagwira njakata. Bodza lomwe ndinkayesa kuti lithera m'chipinda chathu linali litavala nsapato. Ndinadzilimbitsa mtima kuti kalatayo ndikhoza osaitumiza. Ndinakhala pansi.

Anayamba ndi malonje, monga munthu wakale. Anatchula dambo, kuya kwa matope, tsiku lomwe nthambi inabwera, dzina la dalaivala, kuti nayenso asaiwalike. Ankalankhula pang'onopang'ono, akudikira kuti cholembera chimalize mzere.

"Lemba kuti: ine maso anga anatha. Zimene ndikunenazi ndaziona ndi maso a mwana wanga, yemwe ndinamuphunzitsa ndekha. Pa zaka ziwiri wandiuza ayi kokwana mazana anayi ndi khumi ndi kawiri, ngakhale ankadziwa kuti ndikufuna inde. Chifukwa cha ichi inde wakeyu mumukhulupirire kuposa mmene munkakhulupirira wanga."

Ndinalemba mpaka pa mawu oti "ndinamuphunzitsa". Dzanja linakana.

Panja wina ankakhoma misomali, patali galimoto inkaliza hutala.

"Cholembera chaima bwanji?"

"Bambo."

"Inki yatha?"

"Mabowo aja si osokerera. Ndinayang'ana tinjere makumi atatu, palibe ndi kamodzi komwe. Ndinakunamizani."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo kukalipa kukanandipepukira. Iwo anangotembenuzira nkhope kukhoma. Ndinaona dzanja lawo likukwera pang'onopang'ono n'kumasula batani la m'khosi. Anakalamba pamaso panga m'kanthawi kameneko, ndipo ndinadziwa kuti ndawapweteka kawiri, Loweruka ndi lero. Ndinalira ngati kamwana, ndikupepesa, ndikutchula dokotala, ndikutchula mlongo wanga.

"Ma ayi enawo," anatero pomaliza, osatembenuka. "Unkayang'anadi?"

"Onse, bambo. Lililonse."

"Mmm."

Kenako anakhosomola, ndipo atalankhula mawu awo anali a kuntchito aja.

"Kagalasiko kadakalipo? Kaike. Undiuze bwinobwino, usawonjezere, usachotsere."

Ndinapukuta m'maso, chifukwa ndi misozi sungaone kanthu pa makina, n'kuyamba. Anandifunsa zomwe sanandifunsepo. Tingalandeto timafika kunsonga kapena timalekera panjira? Neti yake ndi ya ulusi umodzi kapena uwiri? Kukula kwake, poyerekeza ndi ka inki kaja? Ndinkasinthanitsa timagalasi tiwirito n'kumayankha. Tingalande n'tofanana. Ulusi umodzi, onse awiri. Katsopanoka n'kocheperako pang'ono. Pafupifupi ola lathunthu linatha, kasitomala akugogoda kushopu mpaka anatopa n'kupita.

"Ndi m'bale wake," anatero bambo. "Si iyeyo, koma ndi a banja limodzi. Mwina mphwake." Anagwedeza mutu kangapo. "Zaka makumi atatu sindinafikepo ngakhale pa mpanda wa kwawo. Iwe Loweruka unafika pakhomo penipeni, n'kufuna kundibisira."

"Ndinkaopa kuti mupita musanamupeze."

"Ndipitadi ndisanamupeze. Zimenezo ndinazidziwa kale, dokotala wanu uja asanakuitanireni pakhonde." Anafufuza dzanja langa pa tebulo mpaka analipeza. "Tamvera, mwana wanga. Chisoni uzindimvera ndi manja. Undiphikire, undichapire, undigwire ndikamadzuka. Koma maso ndinachita kubwereka, ndilibe ena. Usandimvere nawo chisoni."

Anandiuza kuti nding'ambe pepala lija. Kalata yachiwiri inali yaifupi, yopanda malonje ambiri. Inati kamtengo ka m'chigwembe si nambala 17, koma ndi wachibale wapafupi kuposa maluwa onse omwe ayesedwapo. Inapempha odziwa zomera kuti apeze banja lake, ndiponso kuti wina apite msanga m'zigwembe zoyandikana, olambula msewu asanafikemo, akathyole chilichonse chofanana nako. Inatchula za mabowo momveka, kuti pasadzapezeke wina wosokoneza ziwirizi.

Nditamaliza ndinawawerengera, anasinthitsa mawu amodzi, kenako ndinawaika cholembera m'dzanja n'kuwalozera pomwe asayine. Anachibweza.

"Ine ndaona chiyani? Sayina iwe."

"Bambo, ine ndine telala. Kumeneko akandidziwa ndani?"

"Inenso ndinali wotsuka mabotolo. Amasayina ndi amene waona."

Ndinasayina. Kalatayo ndinakaipereka ndekha tsiku lomwelo, pamodzi ndi nthambi ndi kagalasi, ndipo shopu inakhala yotseka mpaka madzulo.

Bambo anamwalira patapita milungu itatu, yankho lisanabwere. Chisangalalo cha Lamulungu lija sichinabwererenso, ndipo chakudya chinayambanso kutsala m'mbale. Mlongo wanga mpaka lero amati ndinawalanda masiku abwino omaliza, ndipo sindimutsutsa, chifukwa ndinawaona ndi maso anga akumasula batani lija. Koma m'milungu itatu imeneyo, m'mawa uliwonse dzuwa likafika pakhomo, ankandiitana kuti tiyese duwa. Ndikayankha mafunso awo, sankandifunsa kachiwiri. Ankangoti, "Lemba."